Ma Ace awiri akasanduka zinyalala: phunziro la probability kuchokera ku poker

Sabata yatha, titangomaliza phunziro la half-life, mnyamata wina wa Fomu 4 ananditsatira mpaka pakhomo la ofesi ya aphunzitsi. Anali ataonera kavidiyo ka mpikisano wa poker wa ku Las Vegas pa foni ya achimwene ake, ndiye china chake chinamuvuta kumvetsa.

"Aphunzitsi, munthu ujatu anali ndi ma Ace awiri. Akuti amenewo ndiye makhadi amphamvu kuposa onse. Ndiye anangowataya bwanji? Anachita mantha eti?"

Ndinamufunsa kuti pakati pa tebulo panali makhadi anji. Iye anati analipo atatu, onse ofiira, a chizindikiro cha mtima. Apo ndinamuuza kuti mkuluyo sanachite mantha ayi, anawerengera. Ndipo masamu amene anagwiritsa ntchito ndi omwewo a probability amene mukukonzekera pa mayeso a MSCE, aja otola mipira yofiira ndi yobiriwira m'thumba. Kungoti apa thumba lake ndi paketi ya makhadi.

Tigwirizane chimodzi tisanapite patali. Sindikuphunzitsani kutchova njuga. Malamulo a dziko lathu salola munthu wosakwana zaka 18 kubetcha, ndipo kumapeto ndikuonetsani ndi manambala chifukwa chake ngakhale akuluakulu ambiri amangoluza. Komabe masamu a probability anabadwira pa masewera oterewa. M'chaka cha 1654, Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat ankalemberana makalata ku France pofuna kudziwa mmene anthu angagawanire ndalama masewera akathera panjira. Makalata amenewo ndi amene anayala maziko a mutu umene mukuphunzirawu. M'zitsanzo zathu zonse tibetcha nyemba, osati ndalama.

Malamulo ake mwachidule

Paketi imakhala ndi makhadi 52. Mitundu yake ndi inayi: hearts, diamonds, clubs ndi spades, ndipo mtundu uliwonse uli ndi makhadi 13. Poker yotchuka kwambiri ndi ya Texas Hold'em, yomwe imaseweredwa pa mpikisano waukulu wa World Series of Poker, umene unayamba m'chaka cha 1970 ku Las Vegas.

Wosewera aliyense amalandira makhadi awiri obisika. Kenako pakati pa tebulo amaikapo makhadi asanu oti aliyense aziwaona komanso kuwagwiritsa ntchito. Atatu oyamba amabwera limodzi, amatchedwa flop. Lachinayi limatchedwa turn, lachisanu river. Pa makhadi 7 amenewa, awiri anu ndi asanu a pakati, mumasankha asanu abwino kwambiri. Pakati pa magawo amenewa anthu amabetcha, ndipo nyemba zonse zimaunjikidwa pamulu umodzi wotchedwa pot. Mnzanu akabetcha, inu mutha kulipira zofanana ndi zake, kukweza, kapena kutaya makhadi n'kutuluka.

Pa nkhani ya leroyi mukufunika kudziwa manja anayi okha, kuyambira lofooka:

- Peya: makhadi awiri a nambala imodzi, monga ma Ace awiri.
- Set: peya ya m'manja mwanu ikakumana ndi lachitatu la nambala yomweyo pa tebulo.
- Flush: makhadi asanu a mtundu umodzi, monga ma hearts asanu.
- Full house: atatu ofanana kuphatikiza awiri ofanana.

Nanga n'chifukwa chiyani flush imaposa makhadi atatu ofanana? Palibe mfumu inalamula. Chimene chimasowa kwambiri ndi chimene chimapambana. Pali njira 2,598,960 zotengera makhadi asanu mu paketi. Mwa zimenezi, 54,912 zimapereka atatu ofanana, 5,108 zimapereka flush wamba, ndipo 3,744 zokha zimapereka full house. Mndandanda wonse wa mphamvu za manja ndi masamu basi.

Mphamvu poyerekeza ndi chiyani?

Mu Fizikisi ndikakuuzani kuti basi ikuthamanga makilomita 80 pa ola, funso lanzeru ndi lakuti, poyerekeza ndi chiyani? Kwa munthu woima m'mbali mwa msewu ikuthamangadi. Kwa amene wakwera galimoto yothamanga 100 pa ola kulowera komweko, basiyo ikuoneka ngati ikubwerera m'mbuyo. Makhadi nawonso ali choncho. Mphamvu zake zimadalira zimene zili pa tebulo.

Flop isanabwere, ma Ace awiri amapambana maulendo pafupifupi 85 pa 100 akakumana ndi makhadi awiri ongotola mwachisawawa. Koma flop ikagwa zinthu zimasintha. Pali ma flop 22,100 osiyanasiyana. Mwa amenewa, 8,788 amakhala a mitundu itatu yosiyana, ndiye kuti pafupifupi 40%. Ena 12,168 amakhala ndi makhadi awiri a mtundu umodzi, pafupifupi 55%. Otsalawo, 1,144, amakhala a mtundu umodzi okhaokha, pafupifupi 5%, kapena tinene kamodzi pa maulendo 20. Flop yosowayi ndi imene tikufuna kuiunika, chifukwa ndi yokhayo imene munthu angakhale atapanga kale flush makhadi ena awiri asanabwere.

Chitsanzo chathu ndi ichi. Inu muli ndi 9♠ 9♣. Flop yabwera K♥ 9♥ 4♥. Mwapanga set ya ma 9, dzanja limene nthawi zambiri munthu amalisangalalira. Koma pa tebulo pali ma hearts atatu.

Kodi mnzanuyo ali nayo kale flush?

Mtima umathamangira kunena kuti ali nayo. Tiyeni tiwerenge kaye.

Makhadi amene mukuwaona ndi asanu, ndiye osaoneka ndi 47. Ma hearts analipo 13, atatu ali pa tebulo, otsala ndi 10. Makhadi ena onse otsala ndi 37.

Njira zotengera makhadi awiri pa 47 ndi 47 × 46 ÷ 2 = 1,081. Tikugawa ndi 2 chifukwa kulandira A kenako 7 n'chimodzimodzi kulandira 7 kenako A.

- Onse awiri ma hearts: 10 × 9 ÷ 2 = 45. Ndiye 45 ÷ 1,081 ndi pafupifupi 4%.
- Heart imodzi yokha: 10 × 37 = 370, pafupifupi 34%.
- Opanda heart: 37 × 36 ÷ 2 = 666, pafupifupi 62%.

Phatikizani 45, 370 ndi 666, mupeza 1,081. Chizolowezi chotsimikiza choterechi chimapulumutsa malikisi pa mayeso.

Mwaona? Chimene mumachiopa chija chimachitika kanayi kokha pa maulendo 100. Chochuluka ndi munthu amene ali ndi heart imodzi, amene sanapange flush koma akudikira kuti heart yachinayi igwe pa tebulo. Anthu oterewa ndi ochuluka kasanu ndi katatu kuposa amene apanga kale.

Koma 4% imeneyi ili ndi malire awiri. Oyamba ndi chiwerengero cha anthu. Ngati otsutsana nanu ndi asanu, mwayi woti mmodzi mwa iwo ali ndi flush umakwera kufika pafupifupi 20%, kamodzi pa maulendo asanu. Dzanja lomwelo, tebulo yomweyo, koma ngozi yakula pafupifupi kasanu.

Achiwiri ndi akuti anthu sasewera makhadi aliwonse. Pa njira 1,326 zolandirira makhadi awiri oyamba, 312 zokha ndi za mtundu umodzi, pafupifupi 24%. Koma osewera amakonda makhadi a mtundu umodzi, ndipo osiyana mitundu amene ali ofooka amawataya flop isanabwere. Choncho mwa anthu amene afika pa flop, a makhadi a mtundu umodzi amachuluka kuposa 24% ija.

Uthenga watsopano umasintha nambala

Tiyerekeze kuti mwabetcha, mnzanu n'kukweza kwambiri. Kodi mwayi woti ali ndi flush udakali 4%? Ayi ndithu.

Ganizirani anthu 1,081, aliyense atagwira imodzi mwa njira zija. Kodi ndi angati amene angakweze kwambiri pa tebulo yoopsa chonchi? Mwa 666 opanda heart, ndi ochepa zedi. Mwa 370 a heart imodzi, mwina okhawo amene ali ndi heart yaikulu ngati A♥. Koma mwa 45 a flush, ambiri akweza. Tingoyerekeza kuti okweza ndi 30 a flush ndi 30 a magulu enawo. Tsopano thumba lanu lili ndi mipira 60 yokha, osati 1,081, ndipo theka lake ndi flush. Mwayi wachoka pa 4% kufika pa 50% popanda khadi lina lililonse kutembenuzidwa.

Zimenezi zimatchedwa conditional probability: mwayi wa chinthu pamene mukudziwa kale kuti chinthu china chachitika. Njira yake imadziwika ndi dzina la Thomas Bayes, m'busa wa ku England amene ntchito yake inasindikizidwa m'chaka cha 1763 iye atamwalira kale. Dokotala amaganiza chimodzimodzi akalandira zotsatira za kupima magazi. Safunsa kuti ndi anthu angati m'dziko muno amene ali ndi matendawo, koma kuti mwa anthu amene zotsatira zawo zatuluka chonchi, ndi angati amene alidi nawo.

Manja atatu amphamvu amene safanana

Tsopano tiyerekeze kuti zoipa zachitikadi: mnzanu ali ndi Q♥ 7♥, flush yathunthu. Kodi mwatheratu? Zitengera kuti "dzanja lamphamvu" lanulo ndi liti.

Tiyambe ndi set ya ma 9. Makhadi odziwika tsopano ndi 7, osadziwika ndi 45. Kuti mupose flush mukufunika full house kapena ma 9 anayi. Makhadi okupulumutsani, amene osewera amawatcha ma outs, ndi awa: ma K atatu otsala, ma 4 atatu otsala ndi 9 imodzi yotsala. Onse pamodzi ndi 7. Turn ikapanda kukuthandizani, pa river mumakhala ndi ma outs pafupifupi 10, chifukwa khadi la pa turn lija nalonso litha kupeza mnzake n'kupanga peya pa tebulo.

Njira yachidule ndi kuwerengera mwayi wolephera kawiri konse. Kulephera pa turn ndi 38/45. Kulephera pa river ndi 34/44. Mukachulukitsa mupeza 0.65. Ndiye mwayi wopambana ndi 1 kuchotsa 0.65, pafupifupi 35%. Mukawerengera mosamalitsa, pokumbukira kuti Q imodzi ndi 7 imodzi zili m'manja mwa mnzanu, yankho lenileni ndi 34.4%. Kamodzi pa maulendo atatu mumamugwetsa ngakhale anali patsogolo.

Nanga mukanakhala ndi A♠ A♣ ngati munthu wa m'vidiyo uja? Palibe khadi limodzi limene lingakupulumutseni palokha. Mukufunika kuti makhadi onse awiri akukomereni: Ace ndi K, 9 kapena 4, zomwe ndi njira 18, ma K awiri, ma 9 awiri kapena ma 4 awiri, njira 9, kapena ma Ace onse awiri otsala, njira imodzi. Zonse ndi 28 pa njira 990 zotengera makhadi awiri pa 45. Ndiye kuti 3% yokha, osakwana n'komwe.

Tsopano sinthani khadi limodzi lokha, mukhale ndi A♥ A♠. Heart iliyonse ikagwa pa tebulo mumapanga flush yaikulu kuposa ya mnzanuyo. Ma hearts otsala ndi 7, ndipo mukaphatikiza ndi njira za full house zija, mwayi wanu umapitirira 30%. Kuwonjezera apo, poti A♥ ili m'manja mwanu, palibe wina amene angakhale ndi flush ya Ace, ndipo njira zoti wina akhale ndi ma hearts awiri zimatsika kuchoka pa 45 kufika pa 36.

Manja atatu onsewa anthu amawatcha amphamvu. Koma akakumana ndi flush, limodzi lili ndi 34%, lina 3%, lina 32%. Pa tebulo ya mtundu umodzi, funso si lakuti dzanja langa ndi lokongola bwanji, koma lakuti ndikapezeka ndili m'mbuyo, ndili ndi njira zingati zotulukira.

Mubetche zingati?

Tibwerere pa set ya ma 9, musakudziwa zimene mnzanu ali nazo. Mu pot muli nyemba 100. Pali zolakwa ziwiri zimene anthu amachita.

Choyamba ndi mantha: osabetcha chilichonse poopa flush. Koma tapeza kale kuti a heart imodzi ndi ochuluka kwambiri kuposa a flush. Mukapanda kubetcha, mwawapatsa khadi lotsatira mwaulere. Tiyerekeze kuti mnzanu ali ndi A♥ 6♠. Ma hearts otsala ndi 9 pa makhadi 45, choncho mwayi woti turn imupatse flush ndi 9/45, ndiye 20%.

Apa pakubwera mfundo yotchedwa pot odds. Munthu akamalipira, agawe zimene akulipirazo ndi pot yonse mmene idzakhalire iye atalipira. Nambala imene wapezayo ndi mwayi wochepetsetsa umene akufunika kuti asaluze pakapita nthawi.

- Mukabetcha 25: iye alipira 25, pot ikhala 150. Ndiye 25/150 ndi 17%. Mwayi wake wa 20% ndi wokwanira, akuchita bwino kulipira.
- Mukabetcha 50: 50/200 ndi 25%. Mwayi wake ndi wosakwanira.
- Mukabetcha 75: 75/250 ndi 30%. Akalipira akuluza kwambiri.

Malire ake ali pati? Ikani b m'malo mwa beti yanu. b ÷ (100 + 2b) = 0.2. Mukachulukitsa mupeza b = 20 + 0.4b, ndiye 0.6b = 20, choncho b ndi pafupifupi 33. Gawo limodzi mwa magawo atatu a pot. Algebra ya Fomu 2 yomweyi. M'masewera enieni zimavutirapo pang'ono, poti iye akuyembekeza kudzadya nyemba zina akapanga flush, ndipo inunso mutha kupanga full house pambuyo pake, koma chithunzi chake ndi chimenechi.

Cholakwa chachiwiri ndi dyera: kuika nyemba zonse nthawi imodzi pofuna "kuteteza" dzanja. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Dzifunseni kuti ndani angalipire beti yaikulu chotero. Amene ali ndi K yopanda heart athawa. A heart yaing'ono athawa. Otsala ndi a flush ndi ena ochepa. Mwathamangitsa amene mumawaposa n'kutsala ndi amene akukuposani. Kwa set kulakwitsa kumeneku kumapweteka pang'ono, poti ili ndi 34% ija yothawirako. Kwa ma Ace opanda heart ndi tsoka lenileni.

N'chifukwa chake yankho limakhala pakati. Set imafuna beti yapakatikati, yokwanira kulipiritsa a heart imodzi koma yosathamangitsa aliyense. Ma Ace opanda heart amafuna pot yaing'ono: kubetcha pang'ono, kapena kungodutsitsa, makamaka anthu akachuluka. Mapulogalamu a kompyuta amene akatswiri amagwiritsa ntchito pophunzira masewerawa amasonyeza zomwezi. Pa flop ya mtundu umodzi amabetcha zochepa ndipo amadutsitsa kawirikawiri kuposa mmene amachitira pa flop yosakanikira.

Akakweza, mutani?

Mu pot muli 100. Mwabetcha 40. Mnzanu waika nyemba zake zonse, 200. Kuti mupitirize muwonjezere 160. Pot yonse ikhala 100 + 200 + 200 = 500. Ndiye 160/500 ndi 32%.

Ndi set ya ma 9, ngakhale mutadziwa kuti ali ndi flush ngati Q♥ 7♥, muli ndi 34%, yomwe ikuposa 32%. Ndipo ngati ali ndi A♥ 6♠ chabe, inu mumapambana maulendo pafupifupi 73 pa 100. Kulipira n'kolondola mbali zonse ziwiri.

Ndi A♠ A♣ nkhani ndi ina. Akakhala ndi flush muli ndi 3%. Akakhala ndi heart imodzi yokha muli ndi pafupifupi 62%. Ngati theka la nthawi ali ndi flush, mwayi wanu ndi theka la 3 kuphatikiza theka la 62, pafupifupi 32%, ndendende pamalire. Ngati mukudziwa kuti munthuyo sakweza mwachisawawa, ndipo nthawi zambiri akatero amakhala nayodi, mwayi wanu watsika pansi pa malire. Kutaya ma Ace kumakhala kolondola. Zimenezi ndi zimene mnyamata uja anaona m'vidiyo n'kumayesa mantha.

Heart yachinayi ikagwa

Tiyerekeze kuti mnzanu anangolipira osakweza, ndipo turn yabwera 2♥. Tsopano pa tebulo pali ma hearts anayi, ndipo aliyense amene ali ndi heart imodzi yokha wapanga flush. Makhadi osaoneka ndi 46, njira zotengera awiri ndi 1,035, ndipo zopanda heart zidakali 666. Ndiye mwayi woti makhadi awiri ongotola ali ndi heart ndi 1 kuchotsa 666/1,035, pafupifupi 36%. Khadi limodzi lakweza ngozi kuchoka pa 4% kufika pa 36%. Ndipo poti munthuyu analipira pa flop, zomwe a heart amachita kwambiri kuposa opanda heart, nambala yeniyeni ndi yoposa pamenepa.

Set yanu yatsala ndi khadi limodzi ndi ma outs 10 pa makhadi 44, pafupifupi 23%. Mu pot ya 100, akabetcha 25 mukufunika 17%, ndiye lipirani. Akabetcha 100 mukufunika 100/300, ndiye 33%. Ngati mukukhulupirira kuti ali ndi flush, tayani. Dzanja limene munalikonda mphindi imodzi yapitayo silinasinthe, koma tebulo yasintha.

Yesani nokha

Musangokhulupirira manambala anga. Tengani paketi, chotsanimo 9♠ 9♣, Q♥ 7♥ ndi K♥ 9♥ 4♥. Sakanizani 45 otsalawo, tembenuzani awiri, lembani amene wapambana, bwezerani, sakanizaninso. Chitani maulendo 20. Wina apeza kuti set yapambana kanayi, wina kakhumi. Palibe walakwitsa. Kenako phatikizani zotsatira za kalasi yonse. Ophunzira 50 ndiye maulendo 1,000, ndipo muona nambala ikuyandikira 34%.

Ndi zomwe zija za half-life. Palibe amene angalose kuti atomu iyi isweka liti, koma zikakhala mabiliyoni timadziwa bwino lomwe nthawi imene theka lake likhala litasweka. Ubale wake si wongofanizira chabe. M'chaka cha 1946, katswiri wa masamu Stanislaw Ulam, amene ankagwira ntchito ku Los Alamos ku America, anali kuchira matenda ndipo ankasewera solitaire, masewera a makhadi a munthu mmodzi. Anafuna kudziwa mwayi wopambana, koma kuwerengera kwake kunali kovuta kwambiri. Anaganiza kuti n'kwapafupi kungosewera maulendo ambiri n'kuwerenga zotsatira. Iye ndi John von Neumann anagwiritsa ntchito nzeru imeneyi pofufuza mmene ma neutron amayendera m'zinthu, pogwiritsa ntchito kompyuta ya ENIAC. Njirayi imatchedwa Monte Carlo, dzina la malo otchuka a njuga ku Monaco, ndipo asayansi akuigwiritsabe ntchito mpaka lero. Zimene muchite ndi paketi yanuyo ndi Monte Carlo ya pamanja.

Von Neumann yemweyo ankaikonda poker ngati chitsanzo cha kupanga chiganizo pamene zina zabisika. Buku limene analemba ndi Oskar Morgenstern m'chaka cha 1944, Theory of Games and Economic Behavior, lili ndi gawo lofufuza poker yophweketsedwa. Ndipo mu January 2017, pulogalamu ya kompyuta yotchedwa Libratus, yopangidwa ku yunivesite ya Carnegie Mellon, inagonjetsa akatswiri anayi a poker ku Pittsburgh atasewera manja 120,000 m'masiku 20.

Ndiye tikadziwa masamuwa tilemera?

Ndikudziwa kuti wina waganiza kale zimenezi. Ayi, ndipo masamu omwewa ndi amene akutiuza chifukwa chake.

Choyamba, kukhala patsogolo si kupambana. Ndi 73% ija mumaluzabe maulendo 27 pa 100, ndipo mwayi woluza kawiri motsatizana ndi 0.27 × 0.27, pafupifupi 7%. Peresenti imagwira ntchito pa maulendo zikwi, pomwe ndalama ya m'thumba imatha pa maulendo ochepa.

Chachiwiri, pa tebulo ya poker sipapangidwa ndalama. Imene wina wadya ndi imene wina waluza, ngati lamulo lija lakuti energy singalengedwe. Kuwonjezera apo, eni malo amatapa kagawo pa pot iliyonse. Ndiye mukaphatikiza osewera onse, amatuluka ndi zochepa kuposa zimene analowa nazo, tsiku lililonse.

Mabeti a mpira a pa foni, amene ena mwa inu mumaonera kwa akuluakulu, ali chimodzimodzi. Tiyerekeze chinthu chokhala ndi mwayi wa 50%, ngati kuponya ndalama yachitsulo m'mwamba. Malipiro achilungamo akanakhala 2.00, koma tinene kuti kampani ikupereka 1.90. Mukabetcha 100, theka la nthawi mulandira 190, theka lina simulandira kanthu. Avereji ndi 95. Pa 100 iliyonse mukutaya 5, ndipo mukamabetcha kwambiri ndi pamenenso kuluzako kumatsimikizika. Kampaniyo sikudalira mwayi, ikudalira masamu.

Chimene ndikufuna mutengepo ndi kachitidwe kake. Werengani njira zonse zimene zingachitike. Uthenga watsopano ukabwera, werenganinso. Yerekezani mtengo wa chiganizo ndi mwayi wake. Ndipo musakakamire chinthu chifukwa choti chinali chabwino poyamba.

Ntchito ya kunyumba nayi. Muli ndi A♥ 8♥, ndipo flop yabwera K♥ 5♥ 2♣. Makhadi a mnzanu simukuwadziwa. Ma hearts otsala ndi angati, pa makhadi angati osaoneka? Pezani mwayi woti mupange flush pofika pa river, pogwiritsa ntchito njira ija yowerengera kulephera kawiri. Mukapeza nambala yoyandikira 35%, mwakhoza. Mukapeza 38%, mwangophatikiza mwayi wa turn ndi wa river, ndiye bwererani muone chimene mwachiwerenga kawiri.